Minibasi Yobwerera Chaka Chatha

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti ngakhale inu a Fanizo, amene mumati maloto onse ndi nyemba zosapsa, mukhale pansi mumve. Koma ndiyambe ndi zamasana kuti musasokere.

Mukudziwa kuti Loweruka tikuvundukula chiliza cha abambo ku Ntcheu. Mawu awo ndili nawo mu laputopu yanga ija, nyimbo yomwe ndinawajambula asanadwale, ndipo abale ndinawalonjeza kuti aimva pamanda pompo. Mwana wanga Mwandida ali ku Joni, sabwera, ndiye tinapangana kuti aonere mwambo wonse pa laputopu yomweyo, poti foni yanga yaikulu ija mukudziwa momwe inayendera pa depoti. Ine, kuyabwa manja, mwezi watha ndinaika mapulogalamu onse atsopano. Kuyambira pamenepo pulogalamu yakale yojambulira mawu sikutsegukanso, ndipo nyimbo ya abambo simveka pena paliponse koma m'menemo. Dzulo ndinati ndibweze makinawo momwe analili chaka chatha. Ndikabweza phukusi limodzi, makina akuti lina likudalira limenelo. Ndikabweza linalo, enanso akudandaula. Maphukusi ndi timapulogalamu tating'ono tomwe timadalirana m'kati mwa kompyuta, a Nambewe, musandiyang'ane ngati ndikunena katundu wa pa njinga. Tulo tinandipezera pampando pomwepo.

Ndiye ndinangoona ndili pa siteji, dzuwa lili pamutu, minibasi yaima choyang'ana komwe yachokera. Kondakitala wake anali ketulo, yakuda kunsi, ikuitanira ndi kamlomo kake kaja: "Chaka chatha, chaka chatha, watsala m'modzi!"

Ndinaifunsa ngati amadutsa pa Ntcheu.

"Amayi, ife timadutsa paliponse pomwe munadutsa kale," inatero ketulo. "Kwerani."

M'katimo munalibe munthu. Mipando yonse inali ndi maphukusi omanga m'zitenje, lililonse likuyankhula ndi pamfundo pake. Pamiyendo panga panali kabokosi kamatabwa, kachetechete, ndipo ndinangodziwa kuti abambo ali m'menemo. Pambali panga panatsamira galasi lodziyang'anira, koma m'malo moonetsa ine linkaonetsa Mwandida akutafuna chingamu.

"Amayi, mukundiona?" anafunsa.

Ndinati ndikukuona, khala bwino, tinyamuka.

Ndiye minibasi inayamba kuyenda chambuyo, popanda dalaivala, ndipo sitinafike patali mkangano unabuka kutsogolo. Maphukusi awiri apachibale ankalimbirana mpando umodzi, onse dzina lawo Mawu. Wamkulu anali m'chitenje chofumbutuka, wamng'ono m'jumbo yonyezimira.

"Kabokosi ka mayiwa kamadziwa ine ndekha," anatero Mawu wamkulu. "Mphwangayu sikangamuyankhe."

"Achimwene, inu munapuma kale pantchito," anatero wamng'ono. "Pano ndikugwirapo ndine."

Ine ndinati nkhani yake ndi yosavuta, wamng'onoyo atsike. Atangodzuka pampando, theka la minibasi linadzuka naye.

"Akatsika ameneyu nanenso ndatsika, ndi nkhoswe yanga," linatero phukusi la zithunzi.

"Ine amandisungira kiyi," linatero lina.

Lina la kumbuyo, lonenepa, linati: "Ine sindimudziwa n'komwe, koma mlamu wanga amamudalira, ndipo ine ndimadya kwa mlamu wangayo."

Apa m'malo mokwiya ndinachita chidwi. Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza makompyuta pashopu pano, sindinawafunsepo maphukusi amenewa kuti amakhalirana bwanji. Ndiye ndinayamba kuyenda mpando ndi mpando, kabokosi kali m'khwapa, kufunsa aliyense kuti iwe umadalira ndani. Phukusi la wotchi linati limadalira la zilembo, poti popanda zilembo nthawi ingailembe ndi chiyani. La zilembo linaloza la mitundu. La mitundu linaloza pansi pa mpando, ndiye ndinagwada n'kusuzumira, ndipo kunali kaphukusi kakang'ono ngati mpira wa mapepala, kali m'tulo, fumbi lokhalokha.

"Musakadzutse," onse ananong'ona. "Palibe akudziwa ntchito yake, koma kakatsika tonse tagwa."

Ketulo inali itatopa nane. "Amayi, inu simunakwerepo minibasi? Mpando wa m'modzi timakhazikapo awiri. Tingowapanikiza."

Ndinadziwa kuti si bwino, koma Loweruka linali pafupi, ndiye ndinati apanikizeni. Inawakankha a Mawu onse awiri pampando umodzi n'kutseka chitseko ndi chigwiriro chake. Mwadzidzidzi mawindo anayamba kugwa limodzi ndi limodzi, chitseko chinatsala pamsewu, utoto unasuluka, ndipo tinali mumdima bii, zilembo zoyera zokha zikuthamanga kudenga ngati nyerere. Galasi la Mwandida linkathwanima n'kuzima. Mantha anandigwira kwambiri, ndinakumbatira kabokosi ndi dzanja limodzi, galasi ndi linalo.

Mwadzidzidzi kunayeranso, ndipo tinali pa rodibuloko. Bwana wa chipewa choyera anasuzumira pomwe panali windo.

"Ndani wapanikiza anthuwa?"

Ketulo inayamba kuimba mluzu, kuyang'ana kumbali. Bwana uja akuyankhula choncho, diso lake limodzi linatembenukira kutsogolo, lina kumbuyo, yunifomu inasanduka yobiriwira, kenako yofiirira, ndipo pachitsulo cha rodibuloko panali bilimankhwe atavala chipewa. Mkulu wake, yemwe anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, analowetsa khosi m'kolala pang'onopang'ono mpaka anakhala kamba, chidindo chili kukamwa.

Ndinavomera kuti ndine, bwana, ndimafuna ndifike chaka chatha.

"Mayi, anthu awa sabwerera m'modzim'modzi," anatero bilimankhwe. "Inu mukafika pamaliro mumapatsa moni munthu m'modzi, ena onse n'kuwadumpha? Atchuleni onse pamodzi, mpweya umodzi, aliyense ndi msinkhu womwe anali nawo chaka chatha. Mukaiwala m'modzi, muyambiranso."

Ndinafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani sananene kale.

"Tinanena," anatero. "Zilembo zija zimathamanga kudengazi mumayesa zokongoletsa?"

Ndiye ndinakoka mpweya n'kuyamba kuwatchula, Mawu ndi msinkhu wake, zithunzi, zilembo, wotchi, mlamu uja ndi yemwe amadya kwa mlamu wake. Ulendo woyamba ndinaiwala kaphukusi ka pansi pa mpando, onse anati aaa, ndinayambiranso. Wachiwiri ndinafika kumapeto maso ali psuu. Aliyense yemwe ndinamutchula chitenje chake chinkafumbutuka, n'kukhala pansi mwaulemu. Mawu wamng'ono anatsika yekha osakankhidwa, jumbo yake ikuchita phokoso. Mawindo anabwerera m'malo mwake, chitseko chinatipeza chikuthamanga wapansi. Ndinasangalala, anzanga, mpaka ndinagwira ketulo chanza n'kupsa.

Koma chitsulo cha rodibuloko sichinakwezedwe. Bilimankhwe anatulutsa lilime lake lalitali lija n'kuloza galasi la Mwandida.

"Uyu alibe chaka chatha. Pulogalamu yomwe mumamuonerayi inabwera ndi Mawu wamng'ono. Ndi wamkuluyu sangakhale m'galimoto imodzi."

Ndinati ndimunyamula pamiyendo. Anakana. Ndinati nanga padenga, ndimumangirira ndi mpango wanga. Anakana. Ndinayang'ana Mawu wamkulu kuti mwina achita chisoni, koma iye anangoti, "Si nkhanza, mayi, kungoti chiyankhulo chake sindimachimva."

Kamba anafika pamenepo, atayenda nthawi yonseyi kuchokera pa mtengo wa mango. Analavula chidindo n'kufunsa ndi mawu a m'mphuno: "Otsatirawa atsitsidwa: Mwandida. Tipitirize? Eya kapena ayi?"

"Amayi, mukudukaduka," anatero Mwandida m'galasimo. "Akuti chiyani?"

Ndinaganiza za azakhali omwe agula kale chitenje chatsopano kuti adzamve mlongo wawo akuimba. Ndinaganiza kuti mwanayu ali moyo, ndidzamuona tsiku lina, koma abambo ali m'kabokosi kokhaka basi. Ndinati eya. Kamba anadinda pamphumi panga.

Ndiye ketulo inanyamula galasi lija bwinobwino n'kulitsamiritsa m'mbali mwa msewu, pafupi ndi mulu wa nzimbe. Chitsulo chinakwera, tinanyamuka. Tsono poti minibasi inkayenda chambuyo, ine ndinali choyang'anizana naye njira yonse. Ndinkamuona akuchepa, akusuntha nkhope uku ndi uku monga amachitira netiweki ikavuta, pakamwa pakuyenda koma mawu osafika. Mwa maphukusi onse, palibe yemwe anandiyang'ana.

Mwadzidzidzi kabokosi kanayamba kufunda pamiyendo panga. Kanatsokomola. Chifuwa chimenecho ndingachizindikire pakati pa msika, chinali cha abambo. Ndinamva mpando wawo wansungwi ukulira, nkhuku chapatali, kenako mawu awo, pafupi penipeni ngati ali paphewa panga.

"Kodi yayamba kujambula?"

Ndinati yayamba, abambo, imbani, anthu akudikira.

"Dikira kaye," anatero. "Mwandida ali kuti? Muitane adzakhale apa. Nyimbo iyi amandiyankhira ndi iye, ndekha sindingaimbe."

Ndinaimirira kuti ndikuwe kuti imitsani galimoto, koma pakamwa panga pankangotuluka zilembo zoyera, ndipo msewu unali utapindika kale.

Nditatsegula maso, khosi linali litauma, kunja kwayera. Laputopu inali ikadali yoyaka ndi funso lomwe lija la kamba, eya kapena ayi, ndipo chala changa chinali chitagona pabatani la eya, chosadina. Ndinachichotsapo pang'onopang'ono n'kuchibisa m'khwapa. Panja mpopi unali ukutsokomola mpweya, madzi akuyamba kudontha m'ndowa yopanda kanthu.