Kamawu kamene kanathawitsa thadzi

Mpaka lero ndikamva thadzi likutetera, manyazi amandigwira.

Esinati, mwana wa mlongo wanga, ankapanga chinkhoswe kwathu ku Chonde ndi mnyamata wa ku Limbuli. Ine monga malume ndinali nkhoswe, ndipo ntchito yanga inali yochepa: kulandira tambala kwa akuchimuna, kupereka thadzi, basi. Koma ndinkaphunzitsa Chingerezi kusekondale, ndipo matenda amenewo satha ndi kupuma pantchito.

Sabata imeneyo ndinali nditatola kamawu kakale kakuti troth. Ndinaimirira thadzi lili m'khwapa (miyendo ndinali nditaimasula, ati chingwe chisaoneke pazithunzi).

"Abale, Azungu ali ndi mawu akuti troth," ndinayamba. "Tanthauzo lake ndi lonjezo lokhulupirika, makamaka la anthu ofuna kukwatirana. Masiku ano ngakhale eni akewo sawatchulanso."

"Nanga ife tiwatani?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

Ndinakhala ngati sindinamve. Ndinafotokoza kuti mawuwa ndi pachibale ndi truth, choonadi, kuti kalekale anali mawu amodzi kenaka anapatukana. Pofuna kuonetsa bwino kupatukanako (mphunzitsi salankhula popanda manja), ndinatambasula manja onse awiri.

Thadzi lija linauluka, kudumpha mpanda, n'kulowa m'munda wa tiyi.

Malume a mnyamatayo anaimirira pang'onopang'ono. "Akulu, nkhuku yathawa isanafike m'manja mwathu. Nanga mwanayo adzakhala pabanja?" Atatero anabweza tambala m'dengu. Esinati anayamba kusisima. Apo mantha anandigwira zenizeni, poti banja la mwanayo linali kutha lisanayambe chifukwa cha pakamwa panga.

Ndinalowa m'tiyimo ndi suti yanga, kukwawa, kunyengerera nkhuku ngati khanda. Ndinatuluka nayo buluku litang'ambika pabondo, nsapato imodzi itatsalira komweko. Ndinagwada n'kuipereka ndi manja awiri, osalankhula kanthu. Mkulu uja anaiyang'anitsitsa, kenaka anailandira, nthungululu n'kulira.

"Mwaona achimwene," anandinong'oneza mlongo wanga, "mukatseka pakamwa zinthu zimayenda."

Paukwati anandipatsa udindo waukulu woyang'anira njinga za alendo, kutali ndi maikolofoni. Kumeneko ndinapeza akabaza akudikira anthu, ndipo poti manja anga analibe nkhuku, ndinawafunsa ngati anamvapo mawu akuti troth.

Nawonso anathawa, koma amenewo sindinawagwire.