Kabichi wa Kalaliki

Lolemba

Mbande za kabichi ndazipeza! Wandigawira mkulu wosamala maluwa kwa Bwana Disi. Ndabwera nazo panjinga m'beseni, nditaziphimba ndi jekete ngati mwana wakhanda. M'Chibavi monse muno palibe munthu wakuda ali ndi kabichi kuseri kwa nyumba. Woyamba ndine, kalaliki wa boma, mwana wa ku Dedza! Mkazi wanga, mayi a Yohane, akubwera Loweruka kuchokera kumudzi, adzaone okha kuti anakwatiwa ndi munthu wotsogola. Zofunika: khasu, chingwe chowongolera mizere, manyowa, ndiponso anthu asandisokoneze.

Lachiwiri

Ndalima nditaweruka. Matuza m'manja monse, koma nthaka yagonja! Mabedi atatu, owongoka ngati a kwa mzungu. NyaChirwa, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wa ku Nkhata Bay, watulukira atasenza mtolo. "Adada, mwalima makora chomene. Kweni munda wopanda chinangwa ni munda?" Ndisanatsegule pakamwa wazika kale timitengo take bedi lonse loyamba. Ndikane bwanji, mayi amene ndimapalako moto m'mawa uliwonse? Ndangoti yewo. Atsala awiri, ndipo kabichi safuna malo ambiri.

Lachitatu

Manyowa aulere! A Gondwe, mesenjala wa ku ofesi kwathu, abwera ndi thumba lathunthu, amwaza okha, ine ndili manja m'thumba ngati kapitawo. Kenaka apisa m'chipewa, atulutsa nthanga za maungu. "Izi n'za amama ku Rumphi, a kalaliki. Siziperekedwa kwa munthu wamba." Ulemu wotere! Bedi lachiwiri lapita. Akuti maungu ao sayanga patali. Ine maungu ndimawadziwa, koma ndangothokoza.

Lachinayi

Mbiri ya dimba langa yafika mpaka ku Lupaso. Ndatchuka! Mkulu wa mpingo wabwera ndi akazi ake kudzaona ntchito ya manja anga, akuti tiyambe tayamika Mulungu. Ndavula chipewa, ndatsinzina. Pemphero lalitali zedi, lapempherera mvula, odwala, apaulendo, ngakhale Mfumukazi ya ku Mangalande. Potsegula maso ndapeza mayi aja akusasa manja, bedi lachitatu lili mbatata zokhazokha. Amen ndanena ndekha, mokweza.

Lachisanu

Mbande zayamba kuwerama m'beseni. Mtima ukundiwawa, sindinama. Basi, lero ndizula chinangwa, dimba ndi langa! Ndatuluka m'mawa, khasu paphewa, nkhope ya boma. NyaChirwa ndampeza ali pomwepo ndi ndowa, akuthirira. "Mwawuka uli, adada? Mwabwera kupalira? Yewo chomene!" Ndapalira. Ndapalira bwino kwambiri, iye wanena yekha. Beseni ndaliika pamthunzi m'khitchini, malo ndiganiza mawa.

Loweruka

Basi ya ku Lilongwe yafika, mayi a Yohane atsika ali fumbi mpaka m'nsidze. Katundu sanatule n'komwe, athamangira kuseri. Nthungululu! "Bambo a Yohane, nzeru zimenezi mwazitenga kuti? Chigwada pompano, nkhwani pompano, kholowa pompano! Ine ndimati mundibzalira zachizungu zanu zija." Chikwatirane sanandiyamikepo chotere. Ndaima chilili, manja kumbuyo, ndikugwedeza mutu ngati zonse ndinakonza ndine. Za beseni sindinatchule.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ndekha, iwo akuti msana ukuwawa ndi msewu. Ulaliki wonse ine ndikuganiza za kamalo kali pafupi ndi bafa, mbande zingakwanepo. Pobwera ndalandiridwa ndi fungo la nsinjiro. Beseni latsukidwa, alivundikira pathandala. "Timasamba tanu tofota tija ndatendera, tikanangowonongeka. Koma musamagulenso, n'tanthete kwambiri."

Ndasamba m'manja, ndapemphera mwachidule. Kabichi woyamba wa munthu wakuda m'Chibavi tadya lero, munda wonse m'mbale imodzi. Sanatikwane n'komwe.