Ndege ndi Bafa la Apongozi

Lolemba

Loweruka ndikukwera ndege. Ndalemba kuti mwina ndikaziona papepala mtima ukhala pansi. Sukukhala.

Anthu a tindege tating'ono abweranso pabwalo la esiteti, pamene ndimatchetcha udzu ndi kuthamangitsa mbuzi. Ali patchuthi sabata yonse. Alipo a Dokotala a ku Blantyre, a Mayi Jere, ndi mkulu wina amene onse amamutchula kuti a Kaputeni, ngakhale ntchito yawo inali yogulitsa matayala. Anthuwa sapita kulikonse. Amakwera, kuzungulira, n'kutera pomwe anachoka, kenako amakhala m'shedi kumasekana.

A Kaputeni andipeza ndikunola chikwakwa. "Achimwene, Thyolo mwamuona mokwanira muli pansi. Loweruka tikamuonere kumwamba." Pakamwa pavomera mutu usanafunsidwe.

Ndawapempha kuti tikadutse pamwamba pa mudzi wa akazi anga, kuseri kwa Khonjeni, kumene ndili pachikamwini. Chifukwa chake ndi a Makwinja, amene anakwatira mng'ono wa akazi anga. Iwo amayendetsa lole ya tiyi kupita ku Limbe. Apongozi akamati "mkamwini wanga" amanena iwowo. Ine amangoti "uja wa udzu." Koma lole siuluka. Ndikufuna andione ndili kumwamba, ndikuwakweza mkono, dzina lija lithe.

Ndauza akazi anga okha, amake Esnati. Pofika madzulo kuchigayo akudziwa kale.

Lachiwiri

Ndikutchetcha pafupi ndi shedi kuti ndimve zimene munthu wokwera ndege ayenera kudziwa. Ndikanakhala kutali.

A Dokotala akukumbutsana ndi anzawo za tsiku limene anatsatira utsi wa fakitale yolakwika, n'kukatera pa esiteti ya eni. Akuti anawapatsa mpando, anamwa tiyi, ndipo anazindikira pofunsa kuti mtengo wa mbawa wapakhomo uja anaudula liti. Onse kuseka.

A Mayi Jere akunena za a Kaputeni, mmene injini inawathimira n'kukagwera m'munda wa tiyi. Akuti kapitawo anathamangira komweko osafunsa ngati ali moyo, koma kuti ndani wawalola kuthyola tiyi opanda dengu. Kusekanso. A Kaputeni akupukuta misozi. Iwowa ndi amene akunditenga Loweruka.

Akuti iwo ndi ndege yawo ndi amsinkhu umodzi, kungoti ndegeyo mano ake akadalipo onse.

Amasula injini, aibwezera. M'mbale mwatsala sikuluwu imodzi. Ndawaonetsa. A Dokotala akuti, "Ndiye kuti ndege yapepukako."

Zondidetsa nkhawa lero: sikuluwu ija, kusanza pa malaya a a Kaputeni, chitseko kutseguka chokha, komanso mbuzi. Ine ndikakhala m'ndege, azithamangitsa ndani?

Lachitatu

Nkhawa yatsopano, ndipo yameza zonse zija.

Madzulo kwabwera atsibweni a akazi anga, a Khoromana. Ine ndi apongozi sitilankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire, tsiku lina ndinalowa m'chitedze. Choncho mawu awo amadzera mwa a Khoromana.

Akhala pampando, akhosomola. "Akamwini, mayi akufunsa. Munthu akakhala kumwamba, m'bafa amaonamo?"

Sindinaganizepo. Mabafa onse m'mudzi muno ndi mpanda wa udzu, denga ndi thambo. Ine, mkamwini, kudutsa pamwamba apongozi ali m'kati ndi ndowa yawo! 

Ndayankha kuti ndikafunsa eni ndege.

Lachinayi

Ndafunsa. Ndinayesa kufunsa mwakachetechete, koma m'shedi mawu amamveka ngati m'tchalitchi.

A Kaputeni akuti, "Achimwene, timaona mpaka sopo kuti watsala pang'ono kutha." A Dokotala tiyi watulukira m'mphuno. A Mayi Jere akuti ndisawamvere, kumwambako munthu amaoneka ngati nyerere, sungadziwe wovala ndi wosavala.

Munthu wanzeru akanakanena mawu a Mayi Jere okha. Ine ndanena onse awiri, poopa kuti tsiku lina zingadzadziwike kuti ndinabisa. Za nyerere palibe wazimva. Za sopo zafika mpaka kumjigo.

Chigamulo chabwera ndi a Khoromana: ngati ndikufuna kuuluka, ndifolere kaye bafa la apongozi.

Bafa limodzi si nkhani. Koma asanachoke, kwafika uthenga wa achemwali awo a apongozi. Amenewonso ndi apongozi anga. Kenako amayi aang'ono a kumtunda. Kenako mayi wina amene sindinadziwe kuti ndi m'bale wathu mpaka lero.

Zofunika: nsungwi, luzi, udzu wambiri, makwerero obwereka. Udzu wokha ndiye ndili nawo.

A Makwinja adutsa akutafuna nzimbe. "Ife pa lole timaona kutsogolo kokha, palibe anadandaulapo."

Lachisanu

Ndapempha kapitawo kuti ndiweruke msanga. Ndamangirira mitolo ya udzu panjinga mpaka ine osaoneka.

Ndazindikira chinthu lero: ndimaopa pamwamba. Bafa la apongozi ndi lalitali pang'ono kuposa munthu, koma nditafika pamwamba pake ndalephera ngakhale kuyang'ana pansi. Ndagwira nsungwi ndi manja awiri, luzi ndaluma ndi mano. Amake Esnati agwira makwerero. "Bambo, apa nkhuku imadumphapo tsiku lililonse. Nanga mawa?"

Sindinayankhe. M'kamwa munali luzi.

La apongozi latha. La achemwali awo latha, ngakhale lapendekeka. Ena aja dzuwa landithera.

A Khoromana abweranso. Akuti amayi akambirana. Popeza mabafa ena akadali pamtunda, ndipo sangaletse anthu kusamba tsiku lonse, ndege ikafika pamwamba pa mudzi ine nditsinzine. Ndikatsegule titadutsa.

Ndafunsa kuti nanga ndikweza mkono bwanji kwa anthu amene sindikuwaona. Akuti zimenezo sanawatume. Ndalonjeza.

Sindikudya chilichonse kuyambira masana, kuopa malaya a a Kaputeni.

Loweruka

Kwacha bwino, chiperoni palibe. Ndinali ndikuyembekezera pang'ono kuti chibwera.

Ndavala jekete la ukwati. A Mayi Jere andimanga malamba, andiveka zomvera m'makutu. A Dokotala andibwereka magalasi akuda, akuti woyendetsa ndege aliyense amayamba ndi magalasi, luso limabwera pambuyo. Alonjezanso kuti mbuzi aziona okha.

Injini kulira. Ndege kuthamanga, kugwedezeka ngati ngolo. Ndatsinzina, ndikudziuza kuti ndi pang'ono chabe, mpaka mimba ibwerere pamalo pake. Nthawi yapita ndithu isanabwerere.

Ndikuti tsopano nditsegule, mawu a a Kaputeni m'makutu: "Mudzi wanu uwo, achimwene."

Ndafinya maso kwambiri.

Ndimayesa tingodutsa. A Kaputeni ndi munthu wabwino mtima. Apendeketsa ndege mbali yanga kuti ndione bwino, azungulira. Azunguliranso. Chifukwa cha magalasi aja sakudziwa kuti akuonetsa mudzi munthu wakhungu. "Mukuiona nyumba yanu?" Ndati eya bwana. "Tizungulirenso?" Munthu wamkulu akukupatsa petulo wake, ungakane bwanji? Ndati eya bwana.

Kenako akuti, "Taonani mayi uyo, wanyamula nsalu m'manja, akuikupiza."

Nsalu ili m'manja. Ndiye kuti m'thupi mulibe. Ndaphimba magalasi ndi zikhato zonse ziwiri, ndaweramitsa mutu mpaka m'maondo. A Kaputeni ayesa ndikufuna kusanza, atembenuza ndege msanga.

Pobwerera sindinadziwe kuti mudzi wathera pati. Apongozi ali ndi abale mpaka ku Nchilamwela. Ndatsegula maso matayala atagunda pansi. Chimene ndaona ndi udzu, ndipo chakumapeto kwa bwalo sindinatchetche bwino.

M'shedi andifunsa kuti chandikongolera kwambiri n'chiyani. Ndanena zoona. A Mayi Jere akhala pansi pa simenti chifukwa cha kuseka. A Kaputeni akuti akhala akunyamula anthu olira, opemphera, wina anawaluma paphewa, koma wa ulemu chotere sanamuonepo. Akuti nkhani ya dengu la tiyi yapuma tsopano, yalowa yanga.

Lamlungu

Pochokera kutchalitchi ndapeza a Khoromana ali kale pampando.

Mayi wa nsalu uja anali apongozi. Sanali m'bafa. Anasamba m'mamawa, anavala chilundu chatsopano, anaitana anzawo a kumpingo, n'kuima pakati pa bwalo ndi nsalu yoyera. Ndege itafika akuti ananena mokweza, anthu onse akumva, a Makwinja ali pomwepo: "Mkamwini wanga uyo." Anakupiza mpaka phewa kuwawa. Ndege inatsika ndithu, inapendekeka, anandiona bwinobwino pawindo. Ine osakweza ngakhale chala. Kenako ndinawabisira nkhope.

Ndati ndinatsinzina monga anandilamulira. A Khoromana akuti kutsinzina anandiuzadi, koma mkono sanaumange.

Dzina la udzu latha. Tsopano akuti "uja wonyada wa ndege."

Esnati wabwera ndi anzake kudzafunsa kuti mudzi umaoneka bwanji kuchokera kumwamba. Ndati kumakhala mdima. Apita akukangana.

Uthenga womaliza a Khoromana aunena ataimirira kale. M'bafa muja simukulowanso dzuwa, pansi sipakuuma, dzulo madzulo apongozi anatsala pang'ono kuterereka. Achemwali awonso akuti m'bafa mwawo mwalowa achule. Madenga onse awiri achoke sabata ino.

Ndapempha amake Esnati kuti mawa adzandigwirire makwerero. Akuti aona ngati apeza mpata.