A Golaso ndi Mlandu wa Mano

Inu ana a mlongo wanga mumadziona ngati akatswiri a mpira chifukwa mumatha kunena "ofusayidi" mutapinda mlomo. Simunaone kanthu. Ife tinali ndi malemu a Golaso, mkulu wokonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu, amene ankaonera mpira m'Chisipanishi basi. Moni ankayankha m'Chichewa bwinobwino, koma oyimbira akangoliza wezulo, Chichewa chinkawaphwera ngati madzi a pampopi.

Zinayamba ndi wometa wathu. Anagula dishi yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kuikhoma padenga la babashopu. Tchanelo cha mpira chinkabwera chimodzi chokha, ndipo wolengeza wake ankalankhula Chisipanishi mothamanga ngati akumupirikitsa agalu. Wometa ankangotseka mawu, anthu n'kumaonera zithunzi zokha, atapanikizana pabenchi, mapazi ali m'tsitsi la eni ake.

Apa n'kuti maso a mkulu wa mawotchi uja atayamba kuchita nkhungu. Munthu amene kale ankatola kachitsulo kochepa kuposa nsabwe, tsopano pa TV ankangoona utsi wobiriwira. Amene ankadziwa anali mwana wawo wamkazi yekha.

"Ababa, Loweruka muzikhala pakhomo," iye anatero. "Mudzagwera m'ngalande."

"Ndizikhala ndi ndani? Mphaka? Mphaka amasapota timu yanji?"

Ngalande sankaiopa. Ankaopa kuti anzawo akadziwa adzayamba kuwagwira padzanja, kuwalankhula motsitsa mawu, kuwavomereza chilichonse. Ankati munthu amene anzake asiya kumutsutsa ndiye kuti amuika kale m'manda, kwangotsala kukwirira. Choncho anaganiza kuti ngati maso akana ntchito, makutu alowe m'bwalo. Mwana uja akamasita zovala, ankamuuza kuti aziwawerengera mawu a mpira a Chisipanishi pafoni.

"Goloboyi amati chiyani?"

"Potelo."

"Oyimbira?"

"Alubitiro."

"Dzina lomuyenera limenelo. Likumveka ngati matenda a mbuzi. Nanga ofusayidi?"

"Fuwela de huwego."

"Zonsezo? Pomaliza kunena ndiye kuti chigoli chalowa kale, anthu apita kwawo!"

Anabwereza mawuwo posamba, poyenda, ngakhale m'tulo, mpaka oyandikana nawo anaganiza kuti mkuluyu wayamba kupemphera m'malilime. Loweruka lotsatira analowa m'babashopu chifuwa chili patsogolo.

"Kweza mawu, mphwanga."

"Akulu, mumvapo chiyani pamenepa?" anafunsa wometa.

"Ine ndimva. Inu ndi amene mukuonera mpira ngati nkhuku zoonera mvula."

Kuyambira tsiku limenelo babashopu sinaonenso mtendere. Wolengeza akati "falita," iwo ankafuula "Falita!" n'kuuza aliyense kuti wina wachita faulo, ngati kuti enawo alibe maso. Nthawi zina ankaphonya mochititsa manyazi, koma kugonja ayi. Tsiku lina anamva mawu akukwera, n'kudumpha m'mwamba, chipewa uko: "Golasooo!"

"Akulu, ndi nthawi yopuma ino. Akutsatsa sopo."

"Ndikudziwa! M'Chisipanishi chinthu chilichonse chabwino ndi golaso. Sopo ameneyo wachinya."

Dzina linawamatirira pomwepo. Chisipanishi chinasefukira mpaka ku ntchito. Mayi wina anabweretsa wotchi yothamanga, iwo anangoiika pakhutu n'kunena kuti, "Mayi, iyi ili fuwela de huwego, yatsogola anzake onse." Mlaliki akatalikitsa ulaliki, kumbuyo kunkamveka kunong'ona kokwanira tchalitchi chonse: "Talaheta loha." Ndiye kuti khadi lofiira, atuluke.

Tsono panali a Butchala, mnzawo wa pamtima komanso mdani wawo wa Loweruka lililonse. A Golaso ankasapota ovala zoyera, a Butchala ovala zofiira. Chimunthu chimenechi chinkanyamula mwendo wa ng'ombe ngati ambulera, koma chinali ndi bala limodzi: mano onse akutsogolo chinawasiya pachiwongolero cha njinga yamoto. Chinkaseka chitatseka pakamwa, ndipo mawu akuti "mano" sankatchulidwa pafupi nacho. Ngakhale wogulitsa misuwachi ankawoloka msewu.

Linafika tsiku loti matimu awiriwa akumane. Babashopu inadzaza mpaka ena anakhala pamiyendo ya anthu amene sankalankhulana nawo. Chakumapeto, wotchinga kumbuyo wa ofiira anaugwira mpira ndi dzanja pafupi ndi golo. Dziwani tsono kuti m'Chisipanishi dzanja amati "mano." Wolengeza anang'ambika kukhosi: "Mano! Mano! Mano!"

A Golaso anadzambatuka n'kuloza kumene ankaganiza kuti kuli TV. Chala chinakaima pamlomo pa a Butchala.

"Mano! Mano! Aliyense waona, mano!"

Makina ometera anazima okha ndi mantha.

"Mwati chiyani, akulu?" anafunsa a Butchala pang'onopang'ono.

"Ndati mano! Mukufuna kubisa? Dziko lonse laona!"

"Tabwerezani."

"Mano ndi dzanja, bambo inu! Dzanja!"

"Mwamva nonse? Akuti otsalawa awachotsa ndi dzanja!"

Benchi linagwa. Amuna anayi anakangamira a Butchala n'kumauluzika ngati zovala pachingwe. Munthu amene ankametedwa anathawa mutu uli theka, ndipo ndikulumbira anakhala choncho mpaka pa ukwati wake. Fumbi litatsika, wometa anagamula: "Chisipanishi chatha muno. Mawu ndatseka. Amene sakufuna, khomo ilo."

A Golaso akanangonena kuti sakuona, mlandu ukanathera pomwepo, anthu n'kuwapepesa mpaka kuwanyamula. Iwo anatola chipewa chawo mopapasa, n'kuchisansa fumbi.

"Talaheta loha ya bodza," anatero. "Alubitiro wogulidwa." N'kutuluka.

Wometa anaganiza kuti zatha. Loweruka lotsatira mkulu uja anabwera ndi kampando kake ka kuntchito, n'kukhala panja pafupi ndi khomo, msana kukhoma, foni ya mwana wake pakhutu. Mwanayo anali atawapezera wailesi ya Chisipanishi yowulutsa mpira womwewo. Chimene sanadziwe aliyense n'chakuti mawu a pafoni ankafika msanga kuposa zithunzi za dishi yokalamba ija.

Mkatimo mpira uli pakati pa bwalo, anthu akuyasamula, panja panaphulika: "Golasooo!" Anthu anaseka. Asanatseke pakamwa, mpira uja unali mu ukonde.

"Penate ikubwera, konzekani!" Inabweradi. "Musavutike kuimirira, potelo wagwira!" Anagwiradi. Palibe chowawa ngati kuonera mpira umene mnzako waudya kale. Wina anatseka chitseko, mawu analowera pawindo. Wina anadzitseka makutu ndi thonje, anamvera m'mafupa. Wina anawapempha kuti asunthe, iwo anati, "Khonde ndi la msewu, msewu ndi wa boma, boma silinaletse Chisipanishi."

Masabata angapo atadutsa, wometa anatuluka kukagonja. Anaima patsogolo pawo n'kutambasula dzanja kuti agwirane chanza. Dzanja linakhala m'malere. A Golaso ankayang'ana pambali pang'ono, pamene panalibe munthu. Wometa analigwedeza dzanja lija pafupi ndi nkhope yawo. Chikope sichinaphethire.

Mkuluyo anamva kupuma kwa munthu, anamvanso fungo la sipiriti wometera, n'kudziwa kuti chinsinsi chathawa.

"Mphwanga," anatero motsitsa, "ukangondimvera chisoni, sindidzapondanso pano."

Wometa anabwerera mkati n'kukanong'oneza a Butchala. Chimunthu chija chinatuluka n'kuima pakhomo, manja m'chiuno.

"Iwe nkhalamba," chinatero, mphepo ikuliza mluzu pampata pa mano paja, "aja sanali mano. Mpira unamenya pachifuwa."

"Anali mano!"

"Chifuwa! Wolengeza wakoyo ndi wabodza ngati iwe wemwe."

"Bodza ndi sikelo yako ya nyama!"

"Lowa tikakanganire mkati, kuno kukutentha."

A Butchala sanawagwire padzanja. Anangotsogola akukhwekhwereza nsapato mwadala, akutukwana mokweza, kuti mnzawo atsatire phokosolo mpaka pabenchi. Wometa anakweza mawu mpaka magalasi kunjenjemera. Palibe amene anatchulapo za maso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ankangowatsutsa, molimbika kuposa kale, ngakhale pamene zinali zoonekeratu kuti akulondola.

Anatisiya m'nyengo yozizira, atadwala pang'ono chabe. Mwana wawo akuti namwino atabwera ndi jakisoni wachitatu, mkuluyo anatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Falita." Sanalankhulenso.

Chaka chatha wometa anagula dishi yatsopano. Zithunzi zake zowala, udzu ukuoneka umodziumodzi, ndipo wolengeza amalankhula chinenero chimene aliyense akumva. Akati faulo, ndi faulo. Akati kona, anthu amagwedeza mitu. Benchi siligwanso, ometedwa amatuluka mitu yathunthu.

Loweruka lapitali ndinakhala pafupi ndi a Butchala. Timu yawo inkatsogola ndi zigoli zambiri, koma nthawi yopuma itakwana anaimirira n'kuvala jekete.

"Mukupita kuti, mukuwina chonchi?" anafunsa wometa.

A Butchala anayang'ana chipinda chonse, anthu aulemu, ogwirizana, ali phee.

"Kuwina ndani?" anatero, n'kutuluka.