Mafuta a Bambo a Ruti

Lolemba, 12 Juni 1972

Tabwerako ku chipatala ku Zomba. Miyendo yatupa, mutu ukuwawa, koma ndilembe ndisanaiwale.

Adokotala akuti bambo a Ruti ali ndi mafuta ochuluka m'magazi. Dzina lake kolesterolo. Ndawapempha andilembere, poti mphunzitsi ngati ine ndisamapunthwe potchula. Akuti mafutawo amamatirira m'mitsempha pang'onopang'ono ngati matope mu ngalande ya mpunga, mpaka magazi kusowa podutsa. Ndiwo adawagwetsa pa mtunda wa ku mishoni sabata yatha. Akapanda kusintha kadyedwe, kugwa kwachiwiri mwina sadzadzuka. Adokotala akunena zimenezi akuyang'ana ine. Eni ake mafutawo maso ali pa kalendala wa pakhoma.

Zoletsedwa: nkhumba, nyama yonona iliyonse, khungu la nkhuku, majarini, zokazinga zonse. Mazira awiri pa sabata, basi.

Zololedwa: nyemba, masamba, nsomba yowotcha, mgaiwa. Ndi kuyenda pansi tsiku ndi tsiku.

Sabata ino apume kaye pakhomo. Tikaonekerenso pakatha miyezi iwiri, ndipo zikapanda kusintha ayamba mapiritsi.

Munthu wakhala pa makina osokera zaka makumi awiri, chogwedezeka mapazi okha, mandasi ali pambali. Mimba amaisisita ngati khanda. Pobwerera, pa kamtunda kochokera kumsewu kufika kwathu, aima kawiri. Akuti akuona mpunga wa anthu mmene wachera.

Pepala ndalikhomera pa chitseko ndi msomali. Kuyambira lero nyumba ino ndi ya nyemba!

Lachiwiri, 13 Juni

M'mawa phala la mgaiwa lopanda majarini. Akulidya ngati ali pa maliro. Koma alimaliza. Ndikupita kusukulu mtima uli m'malo.

Ndikubwera masana, fungo likundichingamira ndisanafike pa mpanda.

Mbiri yawanda kuti atelala akudwala, ndiye anthu ayamba kudzazonda. Woyamba ndi Che Jafali, opha mbuzi aja. Abweretsa matumbo okazingakazinga, mafuta ali ndendende m'kambale. Ndapeza kambaleko kali mbee.

Ndikuwalozera bambo a Ruti pepala. Iwo: "Mayi a Ruti, munthu wabwera kudzandiona, ndimukanire chakudya? Aziti ndikumuganizira chiyani?"

Chondipweteka n'chakuti sakunama. Kuno ukakana chakudya cha munthu iye ali pompo, ndiye kuti wamunena kuti wathiramo kanthu. Adokotala a ku Zomba zimenezi sazidziwa. Papepala palibe mzere wonena za Che Jafali.

M'dengu muli mazira khumi ndi anayi. Abweretsa ndani, kaya.

Lachitatu, 14 Juni

Amayi a ku mpingo. Khumi ndi mmodzi! Ndawawerenga ngati ana a m'kalasi.

Nyimbo ziwiri, pemphero lalitali, kenako mipango kumasulidwa:

nkhuku yokazinga, yathunthu
zitumbuwa zodontha
mazira ophika asanu ndi limodzi
mkaka m'botolo
chiwindi, sindikudziwa cha chiyani

Ndachotsa pepala pa chitseko, ndawawerengera mofatsa, mawu onse, ndi kolesterolo yemwe. Amvetsera mwaulemu, mitu ili pambali. Nditamaliza, Mayi Nachuma, otsogolera, akuti: "Zikomo aphunzitsi. Komatu wodwala sitimumana. Akawonda ndiye matenda apeza polowera." Wina kumbuyo: "Adokotalawo ngonenepa kapena ngowonda?" Ndayankha zoona, kuti ngowonda. Onse: "Ehee!"

Bambo a Ruti alawa cha aliyense, kuti pasakhale wodandaula. Chilungamo chawo chonse chathera pamenepo.

Madzulo ndawakakamiza kuyenda mpaka kumtsinje. Cholakwa changa! Panjira pali makomo atatu. Khomo lililonse: "Iii, atelala, mwadzuka? Takhalani kaye pansi." Khomo lililonse mbale. Kumtsinje sitinafike, ndipo abwerera olemera kuposa mmene adachokera.

Lachinayi, 15 Juni

Lero ndiye tsiku.

Alamu anga, a Esinati ndi a Filesi, alongo awo a bambo a Ruti, atulukira masana kuchokera kwawo kutsidya. A Esinati asenza mtanga. A Filesi akupatira bakha wamoyo m'khwapa.

Atipeza tikudya. Mwa masiku onse, lero lomwe ndapambana: chisoso chowiritsa, mchere pang'ono, osathira kanthu. A Esinati ayang'ana m'mbale, ayang'ana mlongo wawo, kenako agwira kumutu.

"Mayo ine! Achimwene, mukudya chiyani ichi? Ngakhale mbuzi ingachinunkhize n'kuchisiya!"

Ndikufotokoza. Sakundiyang'ana n'komwe. A Filesi akulankhula ndi khoma: "Tidapereka munthu wa thupi lake m'mudzi muno. Nyumba wamanga, munda walima, mwana wabereka. Ngati eni mudzi atopa naye angotiuza, timutenge. Kwathu mafuwa alipo."

Bambo a Ruti ndi mkamwini, ali pamudzi pathu. Akawondera kuno, mlandu ndi wa ine ndi mbumba yonse. Ndikuwayang'ana kuti anenepo kanthu. Akutokosa m'mano.

Mu mtanga muja muli nkhumba. Yonona, mafuta okhuthala zala zitatu. Khitchini yanga yalandidwa, ine ndangokhala pakhonde ngati mlendo, kumvetsera kuthetheka kwa chiwaya. Bakha amumangirira pa mtengo wa mango. Akuti ameneyo ndi wa "achimwene akayamba kupeza bwino".

Ndatopa. Makope makumi asanu ndi limodzi osachonga.

Lachisanu, 16 Juni

M'mawa andiitana amalume. Akuti kuchigayo anthu akunena kuti sukulu yandizunguza mutu, ndikupha mwamuna ndi njala chifukwa cha pepala. "Mwana wanga, dzina la mbumba lino usaliponye m'matope. Mawa ndani adzabwera kudzakwatira kuno?" Ndagwada, ndavomera, ndatuluka. Misozi ndakaithera kuseri kwa nkhokwe.

Nzeru yatsopano: ngati chakudya sichingakanidwe, chidyedwe ndi wina. Winayo ndine.

Alamu akatembenuka, ndikutola za m'mbale ya bambo a Ruti n'kuponya m'kamwa. Zimene ndameza lero m'malo mwawo: mazira asanu, khungu la nkhuku yonse, nthuli zinayi za nkhumba, theka la botolo la mkaka. Iwo akundiyang'ana ngati ndawabera mbewu.

A Filesi andigwira ndili ndi nthuli m'manja. "Eee! Kani ndi choncho? Amuna chisoso, akazi nkhumba!" Tsopano ndine womana, ndinenso wosusuka. Mawa zimveka kuchigayo.

Kusukulu ndawodzera ndili chilili pa bolodi, choko m'manja. Ana a Sitandade 2 aseka mpaka ena kugwa pansi.

Pepala palibe pa chitseko. Patsala msomali wokha.

Loweruka, 17 Juni

Ndalipeza pepala. Lili m'thumba la jekete la bambo a Ruti, atakulungiramo nthuli ziwiri za nkhumba. A Esinati adawasungira kuti "azidya akakhala okha". Mafuta alowerera ponse, pepala likuonekera kuseri ngati galasi. Mawu a adokotala asungunuka. Pongowerengeka ndi pamene padalembedwa kuti nyemba.

Ndakalipa. Ine amene sindikweza mawu ngakhale kwa ana osamva, ndakalipa mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Ndawauza alamu kuti tsiku limene achimwene awo adagwa pa mtunda, amene adawakwezera mutu m'fumbi ndine, ndipo milomo yawo inali itachita bii. Ndawafunsa ngati akufuna kudzaphika nkhumba yotsatira pa maliro.

A Esinati amanga mtanga. "Tamva, alamu. Tikupita. Koma bakhayo aphedwe, tidzafunsa." Anyamuka osatsanzika bwino. Nkhaniyi ikafika kwa ankhoswe, ndikudziwa.

Ndikulowa m'nyumba kuti mwina ndipeze mawu a chitonthozo. Ndikupeza bambo a Ruti ali pa makina, chete, akusoka. Ndikusuzumira: buluku lawo la kutchalitchi. Akulikulitsa m'chiuno.

Telala sawonda. Amangomasula msoko.

Ndakachapa.

Lamulungu, 18 Juni

Kutchalitchi. Akulu a mpingo alengeza kuti tithokoze Mulungu, m'bale wathu telala wachira, "onani nokha thupi labwerera". Anthu onse kucheuka, kumwetulira. Mayi Nachuma akundigwedezera mutu ngati akundikhululukira. Chilengezo chachiwiri: poti amayi adapita kale, mawa ndi nthawi ya madoda kukazonda. Alipo asanu ndi atatu. Mmodzi mwa iwo amaweta nkhumba.

Sindinakwiye. Mphamvu zokwiyira zidatha dzulo. Ndagonja: kwa Che Jafali, kwa amayi khumi ndi mmodzi, kwa alamu, kwa amalume, kwa chigayo. Sabata yathunthu, ndipo chakudya cha adokotala chalowa m'mimba mwa mwamuna wanga kawiri kokha.

Pobwerera tili awiriwiri pa kamtunda kathu kaja. Aima koyamba. Aima kachiwiri. Kachitatu. Akuyang'ana kudambo ngati Lolemba lija, koma mpunga adaumweta Lachinayi, kwatsala ziputu zokha. Palibe choona. Ine ndaimanso, kuyang'ana ziputuzo limodzi nawo.

Kachinayi andigwira paphewa. Panjira, masana, anthu akudutsa! Zaka makumi awiri ndi zisanu sadachitepo zimenezi. Dzanja lolemera, lozizira, kupuma kukumveka ngati mvukuto. Mantha andigwira.

"Mayi a Ruti, pepala lija mudaliloweza?"

Ndati eya, lonse.

"Mundilembere lina. Laling'ono, lokwana m'thumba. Koma musawauze a Esinati."

Ndawakumbutsa kuti mwana wathu Ruti, amene ali ndi pakati, achira mu Okutobala, ndipo mdzukulu adzafuna malaya osokedwa ndi agogo ake. Angotsamira kwambiri, takwera pang'onopang'ono.

Ndalemba. Ndang'amba tsamba la kope lino, ndalemba ndi inki, zilembo zazikulu ngati za ana anga a m'kalasi. Alipinda kanayi, aliika m'thumba la malaya, kumanzere. Kaya likagwira ntchito pamaso pa madoda asanu ndi atatu, sindikudziwa. Ndikukayika.

Bakha akadali pa mtengo wa mango, akundiyang'ana. Nayenso ndikuona wanenepa.

Ndanyika nyemba za mawa.