Ubongo wa Munthu Wanjala

Inu, tamverani za a Pulofesa Wafaa El-Shennawy, aja ofufuza za ubongo pa yunivesite ya kuno kwathu. Mayi ameneyu unyamata wake wonse unathera pa funso limodzi: kodi ubongo wa munthu wanjala umatani? Ali ndi kachipinda kawo, ndi chipewa cha mawaya chomwe amaveka munthu kumutu, mizere n'kumavina pa kompyuta.

Tsono akuluakulu anati chipindacho achipereka kwa a za mano, pokhapokha Dokotala Hamdi, woyendera wochokera ku Cairo, ataona ndi maso ake kuti ntchitoyo ndi yeniyeni.

"Abwere," anatero a Pulofesa modzitama. "Anthu anjala ndili nawo ambirimbiri."

Analibe ndi mmodzi yemwe! Anachita kunyengerera azakhali, asuweni ndi mlamu wawo Fathi, n'kuwalumbiritsa kuti asalawe kanthu, ngakhale tiyi. Koma nkhani inawafika mayi awo, Hajja Nabawiya.

M'mawa a Pulofesa atapita kukachingamira mlendo kuchipata, Hajja analowera khomo lakumbuyo atanyamula chimphika cha mahshi, kabichi uja wokulungira mpunga. Pobwera ndi mlendoyo, a Pulofesa anapeza abale onse milomo ili phuliphuli ndi mafuta.

"Amayi! Mwachita chiyani?"

"Ndapulumutsa dzina la malemu bambo ako. Kuitana abale n'kuwakhazika pabenchi kukamwa kuli gwa? Ndinakulera choncho ine?"

"Ndi kafukufuku, amayi!"

"Fufuza okhuta. Alibe ubongo?"

"Ine ndinakana, mlamu, Mulungu ndi mboni," anatero Fathi, tsaya lili tuu. "Koma Hajja analumbira. Munthu wamkulu akalumbira ungatani?"

M'maganizo mwawo, a Pulofesa anaona chipinda chawo chikudzaza ndi mipando yozulira mano. Ndiye mwadzidzidzi m'mimba mwa munthu wina munalira, kulira kwake ngati thirakitala. Anali Dokotala Hamdi. Bamboyo ananyamuka ku Cairo osalawa kanthu, ndipo maso ake anali pamphika.

"Dokotala, takhalani apa," anatero a Pulofesa.

Asanafunse n'komwe, chipewa chinali kumutu. Hajja anathamanga ndi mbale, koma mwana wawo anaima pakhomo, mikono ili tambasu.

"Iwe Wafaa, ndi mlendo ameneyo! Wa ku Cairo!"

"Imani pomwepo, amayi. Vundukulani mphika."

Fungo linalowa. Inu, mizere ija inalumpha ngati ikuvina paukwati!

"Ndine ameneyo?" anafunsa Dokotala, akumeza malovu.

"Ndinu. Amayi, vundikirani." Mizere inayamba kugona. "Vundukulaninso."

"Mulungu andikhululukire," analira Hajja, "ndakalamba n'kudzazunza mlendo ndi manja angawa."

"Kamodzinso, kuti Dokotala atsimikize."

"Ndatsimikiza, Pulofesa!" anakuwa bamboyo. "Chipinda n'chanu, ndalumbira! Ingondimasulani!"

Chipinda chija a Pulofesa anachisungadi, ndipo masiku ano amaitanidwa mpaka kunja kukalankhula pamisonkhano. Koma pitani kumsika kuno mukafunse za katswiri wa ubongo, palibe akakuyankheni. Mukati, "Mwana wa Hajja Nabawiya uja anamana mlendo chakudya," aliyense akakulozerani nyumba.