Moni wa Apongozi Pakati pa Dambo

Iwe ukusekawe, tseka pakamwa, chifukwa thope umalidziwira ku nsapato basi. Ine linandifika m'chibwano, ndipo ngati ndikunama mphenzi indipeze pompano.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, ndili mkamwini watsopano kwawo kwa mkazi wanga, kumtunda kwa Linthipe. Kunamveka kuti lole ya chipani china ikugawa nsalu pamsika, mkazi wanga n'kundituma, ndiye poopa kukapeza zitatha ndinati ndidulire m'dambo limene mudzi wonse unkalizungulira. Thope la mmenemo si thope wamba. Ukaliponda mwamphamvu ndi mofulumira limauma gwa ngati simenti, ukangoima limasanduka phala n'kuyamba kukumeza, ukati uzule mwendo mwaphuma limakugwira zolimba kuposa nkhanu. Mukumva? Ndiye ndinalowamo ndikupondaponda, di di di, osapuma, mtima uli m'mwamba, kumbuyo kwanga mapazi akufufutika okha, pansi pakulira ngati ng'oma mpaka kumidzi anthu anayamba kufunsana kuti gule watuluka kuti m'mawa uno.

Nditatsala pang'ono kufika tsidya, ndinaona munthu pamtunda, khasu lili paphewa. Apongozi anga aakazi, Anambewe! Ana inu simudziwa kanthu. Masiku amenewo mkamwini sankadutsa apongozi ali chilili. Ankanyonyomala, kuvula chipewa, maso kumbali. Ndinadziwa kuti ndikaima ndafa, koma ndikawadutsa ndikudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi, ndidzayenda bwanji pamudzi paja? Ndinanyonyomala.

Iwonso anagwada, nkhope atalozetsa kuphiri, monga amachitira mayi wolemekezeka.

"Mwadzuka bwanji, akamwini?"

"Ndadzuka, kaya inu amayi?" Thope lili m'mawondo.

Ndiye mayi aja moni wawo sunali wachidule. Anafunsa za chifuwa cha mwana wawo, mkazi wangayo, thope lili m'chiuno. Anafunsa za makolo anga ku Lobi, mmodzimmodzi, ndi amalume omwe, ndi mbuzi zawo, thope lili pachifuwa, likuzizira ngati manja a maliro, likundifinya nthiti moti mpweya ndinkachita kuuba. N'kuyambanso kudandaula za mbatata zawo zimene chisanu chinaziwaula, ine ndikungoti "inde amayi, pepani amayi," manja ndili nawo m'mwamba ndikuwomba m'manja kuti asamve kuti pansi pakundidya. Kukuwa? Ungakuwire apongozi? Ndinaopa, anthu inu, ndinaopa zenizeni. Ndinaona kuti ndifa wopanda manda, anthu azidzati mkamwini uja anathawa ukwati.

Pamene ankati "Pitani bwino," thope linali litagunda mlomo wam'munsi, "zikomo" wanga anatuluka ndi thovu. Ananyamuka osacheuka.

Tsono mverani. Mantha aja ataphatikizana ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza, ndinayamba kunjenjemera, osati kunjenjemera kwa malungo kumene mumagona nako inu, koma kwenikweni, mano gwegwegwe, thupi lonse ngati chigayo, ndipo kugwedezeka kumeneko kunalowa m'thope, thope n'kuyamba kumasuka, kumasuka, mpaka dambo lonse linasanduka thobwa, n'kuyamba kulavula zimene linameza: makasu, njinga, mtondo, mpaka ng'ombe ya a Chimphonda a pamudzi pomwepo imene inamira dzinja lapitalo inatumphuka ikubzikula, ine n'kuigwira mchira, iyo n'kundikokera kumtunda. Mukumva? Buluku ndi nsapato zinatsala komweko. Kunsalu sindinafikeko, ndinabwerera kunyumba nditavala masamba a nthochi.

Mukuti ndani anaona? Anambewe alipo, akadali moyo, pitani mukawafunse. Adzakuuzani kuti tsiku limenelo anandipatsadi moni kudambo, koma sanaone kalikonse. Akanaona bwanji? Munamva kuti mayi waulemu wake amayang'ana mkamwini?